Kodi Abale Auzidwa Kale?

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta. Ndimakhala ku Nathenje, kuseri kwa msika, m'nyumba imene tinamanga ndi malemu mkazi wanga. Ntchito zambiri ndimazipeza m'tauni, koma ilipo imodzi imene ndinagwirira mpingo wathu: pulogalamu yotumiza uthenga ku mafoni a akhristu onse nthawi imodzi. Kale a mlembi a mpingo ankazungulira midzi pa njinga. Tsopano amalemba mawu, n'kudina batani, basi uthenga wafika.

Za kwaya, za kulima m'munda wa mpingo, za maukwati, zonsezi zinkayenda bwino. Pamene ndinafika pa uthenga wa maliro, manja anga anaima.

Kompyuta sidziwa kulankhula pang'onopang'ono. Ukaiuza kuti itumize, imatumiza kwa onse mofanana, kwa mnansi wongodziwana naye ndiponso kwa mwana wobala. Siona kuti munthuyo ali pamoto, ali pamsewu, kapena wabereka khanda kumbuyo.

Mkazi wanga atatisiya, ine ndinali ku Mitundu, ndikukonza makompyuta pa ofesi ina. Ndinali nditamusiya m'chipatala m'mawa akumwa phala. Masana ndinangoona alamu anga ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Anati, "Alamu, matenda akula. Tsekani izi, tiyeni." Sindinafunse. Mumtima ndinkadziwa, koma njira yonse ndinayenda ndi miyendo yangayanga, ndikupemphera ngati munthu amene akadali ndi chopempha. Mawu enieniwo ndinawamva nditakhala pansi, anthu atandizungulira. Foni anali nayo alamu angawo. Akanatha kungoimba.

Choncho pa uthenga wa maliro ndinaikapo funso. Mlembi akadina batani, pulogalamu imayamba yafunsa kuti: Kodi abale apafupi auzidwa kale pamaso? Akayankha kuti ayi, uthenga sunyamuka.

A mlembi anaseka atangoliona. Ndi munthu wachangu, wogulitsa mbewu ndi feteleza, wosakonda kudikira.

"Achimwene, kompyuta yanuyi yasanduka mkulu wa mpingo? Yayamba kundifunsa katekisimu?"

"Ingofunsa kamodzi," ndinatero.

"Inu a makompyuta ndinu ovuta. Tinakupemphani njinga yothamanga, mwatipatsa ya mabuleki okhaokha."

Nyengo ya dzinja, fodya ali m'munda, mayi wina wa kwaya anagwa pachitsime m'mawa. Analibe matenda odziwika. Pomwe anthu ankafuna galimoto, mayiyo anali atapita kale. Mwana wake mmodzi yekhayo, mtsikana, anali mphunzitsi ku Mitundu, ndipo nambala yake inali m'gulu la mpingo, chifukwa Lamlungu ankabwera kudzapemphera kwawo.

A mlembi anandiimbira ali ndi phuma.

"Achimwene, chotsani funso lanu lija. Maliro aikidwa mawa. Adzukulu okumba manda sanamve, a kutsidya kwa mtsinje sanamve, ndipo mvula ikubwera."

"Mwana uja wauzidwa?"

"Ndani apite ku Mitundu ndi matope amenewa? Amva ndi anzake onse. Masiku ano ndi mmene zikuyendera."

Sindinawaone ngati munthu woipa. Zimene ankanena zinali zoona: mtsinje ukadzaza, a kutsidya sawoloka. Ndipo akanafuna, akanangodina kuti inde. Pulogalamu ilibe maso oonera bodza. Koma chala chawo chinakana kunamiza funso lija, n'chifukwa chake anaimba kuti ndilichotse ine.

"Kulichotsa ndingathe," ndinawauza, "koma sindichotsa. Ndipatseni mpata, ndipite ndekha."

"Mukachedwa, anthu akadandaula, ndidzawalozera kwanu."

"Mudzawalozere."

Ndinatenga njinga yanga yamoto n'kupita kusiwa. Mwamuna wachilendo sakatenga mwana wa eni yekha, choncho ndinapempha mng'ono wa malemuwo kuti tipite limodzi. Anapukuta nkhope, anamanga chitenje china chosaonetsa kuti akuchokera pamaliro, n'kukwera kumbuyo.

Tinadzera msewu wa m'midzi. Penapake tinkatsika n'kumakankha. Njira yonse mtima wanga unali pa chinthu chimodzi: pulogalamu yanga ndinaimanga, koma mafoni a anthu ena onse anali omasuka. Aliyense wachifundo chofulumira akanatha kulemba kuti pepani, mphunzitsi uja n'kuwerenga ali kutsogolo kwa ana.

Tinamupeza akutuluka m'kalasi, choko chili m'manja. Atationa anaima.

"Amayi aang'ono, kwagwanji? Matope onsewa?"

"Amayi ako sakupeza bwino. Matenda akula. Tiye ukawaone."

"Koma dzulo tinalankhulana, ankaseka. Dikirani ndiwaimbire."

Anapisa dzanja m'chikwama. Koma mayi aang'onowo anatambasula dzanja msanga.

"Bweretsa kuno foniyo. Yanga yatha moto, ndikufuna ndiwauze kuti takupeza. Iwe katsanzike kwa a hedi."

Analandira foni ija, n'kuizimitsa, n'kuimangirira pa nsonga ya chitenje. Mtsikanayo anaona zonsezo. Anandiyang'ana ine, amene ankandidziwa ngati bambo wokhala kumbuyo m'tchalitchi, ndipo ndinaona kuti wadziwa monga mmene ndinadziwira ine tsiku lija. Sanafunsenso. Anakatsanzika, anatenga juzi, tinamupezera kabaza.

Pobwerera mvula inatipeza tatsala pang'ono kufika. Titayandikira mudzi, amayi a kwaya anali atatuluka kale kudzatichingamira panjira. Anamutsitsa pa njinga, wina mbali iyi wina mbali iyo, ndipo anamugwira mwamphamvu, sanagwe pansi.

Ndinaima pansi pa mtengo wa mango n'kuimbira a mlembi.

"Wafika. Dinani."

"Inde?"

"Inde."

Posakhalitsa mafoni anayamba kulira m'matumba a anthu amene anali pasiwa pomwepo, ina apa, ina apo. Ya mphunzitsi uja inali chete m'chitenje cha amayi ake aang'ono.

Mtsinje unadzazadi madzulo amenewo. Akhristu ena a kutsidya sanawoloke, anafika maliro ataikidwa kale, ndipo anadandaula. A mlembi anawalozera kwanga monga ananenera. Ndinawalandira, ndinawapepesa, chifukwa nawonso anali ndi chisoni chawo, ndipo kuchedwako kunachokera kwa ine.

Pa msonkhano wotsatira nkhani ya funso lija inabuka. Ena anati lichotsedwe, ena anati likhale. Ine sindinalankhule, ntchito ndinaipereka kwa mpingo, mwini wake ndi mpingo. Mphunzitsi uja analipo, atavala duku lakuda. Anaimirira n'kunena mawu ochepa: kuti tsiku lija ankaphunzitsa ana aang'ono, foni ili m'chikwama patebulo, ndipo sakudziwa chimene anawo akanaona.

A mlembi anakanda m'mutu.

"Chabwino, mabulekiwo akhale. Koma achimwene, muwonjezepo kena. Ndikayankha kuti ayi, isamangokhala duu. Izindifunsa kuti apite ndani."

Ndinawonjezera sabata yomweyo. Pa ntchito yanga yonse timayesetsa kuti zinthu zizifulumira, ndipo amene amandilemba ntchito m'tauni amandiyamikira ndikachotsa kudikira kulikonse. Pulogalamu ya mpingo ndi yokhayo imene ndinailemba kuti izidikira munthu woyenda pamsewu. Ndikamaikonza, ndimafika pa mizere imeneyo n'kuiwerenga, ngakhale palibe cholakwika. Ndimakumbukira alamu anga ataima pakhomo la ofesi ku Mitundu, foni ili m'thumba, nsapato zili fumbi lokhalokha.