Tsiku Limene Ndinajambula Chilombo ku Kanyama

Filimu yanga yoyamba ya chilombo ndinaibweza kwa wogulitsa. Ndinaigula pamsika wa kwathu ku Kanyama kwa bambo wina woyala madisiki pasaka, koma nditaiika kunyumba chithunzi chinkangogwedezeka, n'kumaonetsa nsapato, fumbi ndi misana ya anthu othawa. Ife tinazolowera mafilimu obedwa ndi kamera m'nyumba zoonetsera kanema, momwe mutu wa munthu umadutsa kutsogolo, choncho ndinati wakuba wake anajambula ataledzera.

"Ba boss, iyi kopi ni yoipa. Chinyama sichioneka!"

"Iwe sisi, ni mwamene banaipangila," anatero akuseka. "Uyo ogwila kamera naye athaba. Ufuna aimilile chimudye?"

Ndinabwerera nayo ndikung'ung'udza, ndinaioneranso, basi mtima unakodwa. Chilombo chachitali kuposa nyumba zosanja chikuphwanya mzinda, koma iwe umangoona mwendo, mwina mchira mu utsi, kenako kamera yagwa cham'mbali wina akuitana mnzake. Mafilimu ena amakukhazika pampando ngati mlendo, koma awa amakukoka dzanja kuti tiye tithawe. Ndinkakuwa ndekha, miyendo ili pasofa, mpaka amayi ankati andipereke kwa abusa akandipempherere.

Kenako mkulu wanga anapeza banja. Pa chilanga mulilo, tsiku limene akuchikazi amasenza zakudya kupita kwa mkamwini, foni anapatsa ine. Mkwatibwi sapita nawo, amatsala pakhomo, ndiye vidiyoyo inali maso ake.

"Ugwile bwino," anandichenjeza mkulu wangayo. "Nifuna kuona vonse. Osati vija vako vogwedeza."

Ndinalumbira, ndipo poyamba ndinachitadi bwino. Azimayi anandanda pamzere, miphika yokulungidwa m'zitenje ili pamutu, ng'oma ikulira, amayi ali patsogolo ndi mphika wa nkhuku. Linali dzinja, Kanyama atasanduka dambo monga mwa chizolowezi chake, ndipo minibasi yotitengera kwa akuchimuna ku Matero inakana kulowa, inatidikira kumsewu. Tinkaponda pamiyala ndi pamatumba a mchenga mmodzimmodzi.

Mwadzidzidzi tinamva kubangula kuseri kwa mpanda. Chinali chigalimoto chopopa zimbudzi, chitadzaza kanjira kathu konse, chikukankha funde la madzi akuda bii ofika m'mawondo.

Abale inu, ine mtima unadumpha ndi chimwemwe! Nyimbo inadukira pakati. Alangizi olemekezeka anakwinya zitenje, woimba ng'oma anaisenza pamutu, aliyense liwiro la mtondo wadooka. Ndinathawa nawo foni ikujambulabe, ndikukuwa kuti, "Chabwela! Chabwela!" Sindinacheuke n'komwe kuti ndichijambule. Ntchito yanga ndinkaidziwa.

Palibe mphika umene unagwa. Akuchimuna anadya n'kuyamikira, koma zimenezo sizinajambulidwe chifukwa pofika ku Matero batire linali litatha.

Mkulu wanga anaonera vidiyoyo kamwa ili yasa.

"Ni vichani ivi? Mendo! Matope! Bamuna banga bali kuti?"

"Koma onani apa, ba sisi, tayala yaonekako pang'ono."

Anandiponyera patapata. Sanandilankhule mpaka ukwati unadutsa, ndipo ankauza aliyense kuti anzake ali ndi mavidiyo a anthu, iye ali ndi ya zidendene. Ine mpaka lero ndimati sindinagwirepo ntchito ina yokoma ngati imeneyo.

Amayi anatisiya zaka zingapo zapitazo. Pazithunzi zawo zonse aima chilili, milomo atatseka, chifukwa akaona kamera ankauma ngati msilikali. Koma m'vidiyo ija muli pamene ndinaterereka, foni n'kupendeka n'kuwapeza. Akuthamanga, dzanja limodzi lagwira mphika, lina likundikoka bulauzi, akuseka mano onse pamtunda. "Iwe mwana ofuntha, leka kukopa vidiyo, thamanga!"

Masiku ano mvula ikayamba, mkulu wanga amandiimbira foni kuchokera ku Matero.

"Nitumile futi chija cha chilombo."

"Si munakamba ati ni mendo chabe, ba sisi?"

"Iwe, tuma chabe. Nifuna kumvela amai baseka."