Kamakina ka a Masopansi

Dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso. Mumsewu monse ankawatcha a Masopansi, kalipentala wamfupi wa ndevu zaimvi, wokhoma mashelefu ndi makabati m'nyumba za anthu. Dzinalo linabwera ndi kamakina kawo ka leza, kabokosi kachikasu kamene kamalemba mzere wa kuwala kofiira pakhoma kuti shelefu isapendekeke. Asanakayatse ankakuwa kuti, "Maso pansi!" ngakhale m'chipindamo atakhala okha ndi makoma.

Anthu ankaseka, iwo osalabadira. "Khoma ukalakwitsa umamata," ankatero, "koma diso silimatidwa." Kamakinako sankakaimika molingana ndi maso a munthu. Galasi lililonse ankayamba aliphimba, poti kuwala kukagunda galasi kumabwerera kumene sunakutume. Ntchito ikatha ankazimitsa, kuchotsa mabatire, n'kutseka bokosi mwaulemu ngati akugoneka khanda.

Koma ukalamba supempha malo. Manja anayamba kunjenjemera, makwerero nawo akuwatopetsa. Ankalakalaka kupuma, nanga kamakina asiyire ndani? Mkamwini wawo anali ndi dzanja labwino pamatabwa, koma chibwana ndiye chosasimbika. Tsiku lina anamupeza pabalaza akuthamangitsa mphaka ndi kuwala kofiirako, akuseka mpaka misozi. A Masopansi analanda kamakinako. Mtima unawawawa, chifukwa mkamwiniyo ankamukonda, ndipo wina womusiyira ntchito analibe.

Kenaka mwana wawo wamkazi, mkazi wa mkamwiniyo, anapeza chipinda choti atsegule saluni, ndipo anawapempha kuti akakhome mashelefu. Chimwemwe chake! Anafika m'mawa atavala malaya abwino, mkamwini ali pambuyo ndi matabwa. M'katimo anzake a mwanayo anali kusesa ndi kupukuta mipando, wailesi ikulira.

"Mukumuona mwana wangayu?" anatero a Masopansi, akuimika kamakina pamiyendo yake. "Anayamba ndi kuluka ndevu zangazi ali kamwana. Kasitomala woyamba ndine!"

Azimayi anafa nalo phwete. Nkhani itakoma, chala chinali chitafika kale pabatani. Mwadzidzidzi dzanja linawagwira pamkono.

"Bambo, pepani," anatero mkamwini motsitsa mawu. "Magalasi."

Anacheuka. Galasi kutsogolo, galasi kumbuyo, lina m'mbali, onse ali mbee, osaphimba. Mwana wawo anali atakhala pakampando akusanja zipeso, nkhope yake italunjika kukamakina. Thukuta linawatuluka. Chiyambire ntchitoyi anali asanaiwalepo.

Mkamwini anatola mataulo ndi nsalu zofunditsa makasitomala, n'kuphimba galasi ndi galasi. Anauza mkazi wake kuti asunthire pakhomo, anakweza kamakina pamwamba pa mitu ya anthu, kenaka anabwerera m'mbuyo.

"Yatsani tsopano, bambo."

"Ayi, akamwini. Yatsani inu."

"Maso pansi," anatero mkamwini mwamanyazi.

"Mukunong'oneza ndani? Kuwani, amve ndi a kuseri kwa msewu!"

"Maso pansi!"

Azimayi anawerama akuseka. A Masopansi nawonso anawerama. Zaka zonsezi lamulo limeneli linkatuluka pakamwa pawo, lero analimvera kuchokera kwa wina. Anayang'ana nsapato zawo zautuchi, misozi yachimwemwe ikulengeza, ndipo sanafulumire kudzutsa mutu.

Mashelefu anakhomedwa owongoka bwino. Mkamwini anazimitsa, anachotsa mabatire, anatseka bokosi n'kulipereka ndi manja awiri. A Masopansi anabisa manja kumbuyo.

"Mukundipatsa katundu wa eni ake?"

"Ababa," anatero mwana wawo akupukuta m'maso, "ndiye mphaka uja alimba?"

"Mphaka ali pamtendere, mwanangu. Ndaona ndekha lero."

A Masopansi anatulukira mumsewu opanda chonyamula, akuponya manja. Wogulitsa nsapato wa pakona anawakuwira kuti, "A Masopansi, bokosi mwaiwala!"

"Sindine a Masopansi ine," anayankha akuloza kusaluni. "Ali m'katimo, akusesa utuchi."