Madala a ku Govan ndi Zipolowe za pa TV

Chaka chomwe m'mizinda ya ku England munabuka zipolowe, ine ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. M'mawa uliwonse ndinkachoka ku Springburn pa basi kupita ku Govan, mumzinda womwewu wa Glasgow, kwa madala ena amene anakalambira pa ntchito yowotcherera zitsulo za sitima zapamadzi. Miyendo yawo inali yotupa. Ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwadzoza mafuta ndi kuwamwetsa mankhwala.

Sabata imeneyo TV inkangoonetsa magalimoto akuyaka ndi anthu akugenda apolisi. Ku Glasgow kuno kunali bata, komabe kutchalitchi anatilangiza kuti tisamayende tokhatokha.

Tsiku lina ndinagwada pakapeti, mapazi a madalawo ali m'beseni, iwo maso ali pa TV.

"Apolisi a masiku ano ndi amantha," anatero. "Angoima ndi zishango ngati akudikira basi. Kale wapolisi akangokuyang'ana, unkalowa m'nyumba wekha. Abweretse asilikali. Awombere awiri atatu, mawa lake msewu uyera."

"Kwezani phazi, bambo," ndinatero.

Anakweza. Anapitiriza kuti boma lalekerera, ndende zasanduka mahotela, ndipo anthu obwera angolowa m'dziko popanda wowafunsa. Kenako anatsitsa maso n'kundiyang'ana.

"Sindikunena inu ayi. Inu mumagwira ntchito. Kwanu zoterezi sangalole, eti?"

"Salola."

"Mwaonatu."

Za achimwene anga sindinawauze. Zaka zingapo m'mbuyomo kwathu kunali zionetsero, ndipo iwo anatuluka kuti akatseke okala yawo anthu asanaithyole. Apolisi anawombera awiri atatu, mmodzi mwa iwo anali achimwenewo. Mawa lake msewu unayeradi. Ndinaperekeza amayi kumochale kukazindikira thupi, ndipo tinawapeza atavala patapata phazi limodzi lokha.

Ndili chogwada pakapetipo, ndinadikira kuti mtima uwawe kapena manja anjenjemere. Palibe chinachitika. Ndinangoona kuti chikhadabo cha chala chachikulu cha madalawo chayamba kulowa m'mnofu, n'kuganiza zolemba m'buku kuti anesi adzachione. Ndinawapukuta, ndinawaveka masokosi, ndinakataya madzi. Tiyi ankamwa wa shuga wambiri, ndinawapangira momwemo.

Lamlungu titaweruka mapemphero, mkulu wa mpingo wina, Mmalawi mnzathu, ananena zomwezo tikumwa tiyi: apolisi akuno amanyengerera, kwathu zikanatha tsiku lomwelo. Anthu anavomera ndi mitu. Ine ndinasonkhanitsa makapu n'kulowa kukhitchini.

Madalawo ndinawasamalira mpaka nyengo yozizira, pomwe anawagoneka m'chipatala chachikulu chapafupi ndi kwawo, ndipo sanabwereko. Mwana wawo wamkazi anandiimbira foni kundiuza kuti bambo ake ankandikonda, ankati ndine munthu waulemu, wosayankha. Ndinathokoza. Lolemba lake kuofesi anandipatsa khomo lina ku Govanhill, kwa mayi wina wosamva, amene TV ankaonera yopanda mawu.