Ndewu Imodzi Yokha Yatsala

Anandilanda m'mawa umodzi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo m'mawa umenewo ndinayenera kulemba ezame ya setima, mayeso omaliza a kalasi yachisanu ndi chiwiri, ku Fingoe. Amene anandilanda ndi a Tiyu Zakariya, eni baraka ya sinema kuseri kwa msika. Sanali achibale anga, koma ana tonse tinkawatchula choncho: Tiyu, kutanthauza malume.

Kwathu ndi ku Chiputo. Ku Fingoe ndinkakhala kwa azakhali chifukwa cha shikola. Chipwitikizi ndinkachimva kuposa anzanga, ndipo tsoka langa linayambira pamenepo. M'baraka muja ankaonetsa madezenyu a ku Japani, zithunzi zojambula pamanja za anyamata omenyana mpaka mapiri kugumuka. Anthu a m'madezenyuwo ankalankhula Chipwitikizi chothamanga, chimene okumba golide ambiri sankachimva. Choncho masana ndikaweruka ndinkaima pambali pa televizau n'kumamasulira m'Chinyanja. Wa pa televizau akakuwa, nanenso ndinkakuwa. Akalira, ndinkalira.

Dezenyu imene anthu ankaikonda inali ya mwana wa wosula zitsulo, amene ankafunafuna mlongo wake wobedwa ndi chimphona cha m'phiri. Ankamenyedwa, n'kukaphunzira nkhonya zatsopano, n'kubweranso. A porofesola athu a ku shikola ankati n'zachibwana zowononga mitu ya ana. Okumba golide ankati mwanayo ndi mnzawo, chifukwa naye dothi likamukwirira amadzuka. Koma nawonso ankadandaula.

"Kodi amenewa amenyana liti? Angoyang'anizana ngati atambala!" ankatero mmodzi.

"Khala chete iwe, akusonkhanitsa mphamvu. Sali ngati iwe amene umagwa ndi botolo limodzi," mnzake ankamuyankha.

Kenako a Tiyu anaganiza zojambula mawu anga. Ankaimika telefoni pa njerwa moyang'ana televizau, ine n'kumamasulira, iwo n'kumaika zimenezo m'makartau a telefoni, timakadi tosungira mafilimu, ogulitsa ku Malowera ndi m'midzi ina. Kartau ya magawo omaliza anaibwereka kwa woyendetsa kamiyau ya katundu amene ankabwerera ku Tete masana a tsiku la ezame yanga.

Anandipeza mbandakucha ndikusamba kumaso.

"Mphwanga, yatsala ndewu imodzi yokha. Ukamaliza uthamangire ku shikola belu lisanalire."

"A Tiyu, ndewu za anthu amenewa sizitha msanga."

"Iyi ndi yomaliza. Chibakera chimodzi, chimphona pansi, mlongo kunyumba. Ukundiyesa wabodza?"

Mwana sauza wamkulu kuti ndi wabodza. Ndinavala yunifomu, cholembera m'thumba, n'kuwatsatira.

Analiza jenereta, anayatsa televizau, anaimika telefoni. Anati atseka chitseko kunja kuti ana asalowe n'kuwononga mawu, ndiponso kuti akungokagula mafuta pang'ono. Ndinamva loko ikulira.

Gawo loyamba linatha mwana wa wosula ndi chimphona akungoyang'anizana. Lachiwiri chimphona chinayamba kufotokoza za ubwana wake. Ndinkamasulira maso ali pa kabowo ka m'lata, pamene kadzuwa kankagwera pansi ngati ndalama yachitsulo. Kadzuwako kanali pakhoma, kenako kanatsikira pa benchi yoyamba. Panja ndinamva anzanga akudutsa, akufunsana mayina a mitsinje. Ndinayamba kulankhula mothamanga ngati kuti kutero kuwafulumizitsa anthu ojambulidwa aja.

Chibakera choyamba chitaponyedwa, chinatenga nthawi yaitali chili m'malere, aliyense wa m'dezenyumo woonerera ndewuyo akunenapo maganizo ake. Chitafika, chimphona chinangoseka n'kuvula chovala chake chachitsulo. Chinati mpaka pano chimangosewera.

Pamenepo belu la ku shikola linalira.

Ndinathamangira kuchitseko. Chinali cha malata okhomera pa matabwa a mlombwa, ndipo sichinagwedezeke. Ndinachimenya ndi manja, ndi mapazi, ndi benchi. Ndinakuwa kuti nditsegulireni, nthawi yatha, ndikufa ine. Ndinaitana amayi amene anali kutali ku Chiputo. Pamsika panali anthu ambiri, ndipo onse anandimva. Koma anali atazolowera kundimva ndikukuwa m'baraka imeneyo tsiku lililonse. Mayi wina wogulitsa tomato anaseka n'kunena kuti, "Lero mwana uja wayamba m'mawa." Ndinamumva bwinobwino kudzera m'malata.

M'kati munatentha ngati uvuni ya njerwa. Fungo la utsi wa jenereta linandizunguza mutu. Nditatopa ndinakhala pansi pafupi ndi telefoni ija, ndipo poti panalibe china chochita, ndinapitiriza kumasulira, mawu atasasa, mamina ali chuchuchu. Mwana wa wosula anagwa, anadzuka, anagwanso. Anapambana dzuwa lili pamutu.

A Tiyu anabwera pa mota, njinga yamoto, fumbi la kumigodi lili m'nsidze. Anali atapeza wowagula makartau kumeneko. Ataona nkhope yanga anati, "Aa, si kanthu, ezame imabweranso. Waona mwana wa wosula? Sataya mtima." Anandipatsa botolo la zakumwa lofunda.

Ezame imabweradi kachiwiri kwa amene anadwala. Ine sindinadwale. Azakhali anatumiza uthenga kwathu kuti mwana wathawa ezame chifukwa cha madezenyu. Abambo anabwera pa njinga, sanandifunse kanthu, anangomanga chikwama changa pakaliyala. Titafika ku Chiputo mvula inagwa, mitsinje inadzaza, msewu unaduka. Pamene unkatsegukanso, ine ndinali ndi khasu langalanga. Abambo anati chimanga chawo sichidzapitanso ku Fingoe kukadyetsa woonera zidole.

Pano ndimakumba golide. Makartau aja anafalikira mpaka kumalire a Zambia, ndipo nthawi zina pokhala pamthunzi ndimamva mawu anga aubwana akutuluka m'telefoni ya munthu. Onse amagwirizana kuti gawo lokoma koposa ndi lija limene womasulira amamenya chitseko n'kumaitana amake. Amati pamenepo ndiye pali luso, mwana analowa m'nkhani ndi mtima wonse. Mnzanga wina wa m'dzenje amalibwereza kawirikawiri. Sindinamuuzepo.

Madezenyu amaphunzitsa kuti wopirira amapambana. Ndinawakhulupirira. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti kuno amapambana ndi amene wanyamula kiyi, ndipo wamkulu akati "pang'ono pokha", uyambe waona kuti loko ili mbali iti ya chitseko.

A Tiyu akadalipo, baraka yawo tsopano ili ndi sola. Tikakumana amandigwira paphewa n'kufunsa kuti andigulire chiyani. Sindifuna zakumwa zawo, ngakhale ndalama ya metikali imodzi. Ngongole yawo kwa ine ndi m'mawa umodzi, ndipo pamsika wa Fingoe palibe amene amaugulitsa.