A Lameck ndi Thumba la Usipa

A Lameck Mbewe ndi malume anga. Anabadwira ku Senga Bay, ndipo moyo wawo wonse akhala akugula usipa, kuwuyanika ndi kuwugulitsa. Zomwe ndalemba panozi ndafunsa iwo ndi akazi awo, a Eveles. Chaka amatsutsana, koma inali nthawi ija makadi a chipani ankafunsidwa pamsewu.

Mwana wawo Agnes anakwatiwa ku Mwanza. Atabereka mwana, anatumiza mawu kuti sakufuna china koma usipa wa kwawo. Malume anasankha thumba labwino, nabwereka kagalimoto kotsegula kumbuyo.

Msewu wa ku Golomoti ndi wa see, ndipo malume ankaima paliponse. Analowa m'mphako ya mlambe kuti aone ngati angakwanemo. Ku Mua anayang'ana ziboliboli mpaka a Eveles anatopa.

"Bambo a Agnes, tikafika mdzukuluyo atamera mano!"

"Amere, mayi. Usipa umafuna mano."

Dzuwa linawapendekera pafupi ndi chigwa chakuya cha miyala, pansi pake pali kamtsinje ndi mchenga woyera. Malume anakondwa ngati afika pagombe. Anatsitsa thumba, naliika pamchenga pafupi ndi madzi monga amachitira kunyanja, iwo nayala mphasa chakumtunda kuti agone. Kunyanja madzi ukawasiya apa, mawa uwapeza pomwepo. Sanaganizeko kuti mvula ikagwa kumapiri, mtsinje umadzaza ngakhale pamene ulipo pali nyenyezi.

M'mawa a Eveles ndiwo anakuwa: "Usipa wanu wabwerera m'madzi!"

Thumba linali litakodwa pamwala. Malume analowa mpaka m'chiuno, nalikoka. Usipa wonse unali utanyowa, ndipo usipa wonyowa suchedwa kuwola. Thandala loyanikirapo panalibe. Choncho anayala mphasa kumbuyo kwa galimoto, namwaza usipawo, a Eveles nakhala pomwepo kuutembenuza ndi kuingitsa akhwangwala. Malume ankayendetsa pang'onopang'ono moti wanjinga wina anawapitirira, nawafunsa ngati ali ndi maliro.

Anafika madzulo usipa utauma. Agnes sanadikire kuti auphike. Anatola umodzi, natafuna.

"Bwanji?" anafunsa malume, mtima uli m'mwamba.

"Mchenga ulimo, ababa."

"Ndiye wa kwathu umenewo."

Agnes anatapanso wodzaza dzanja.