Lole Yomwe Inasiya Kudya Oyilo

Ntchito yanga yoyamba ya udalaivala ndinaipezera pa Chimbiya, laisensi ikadali yonunkhira utsopano. Ndisanaphunzire kuyendetsa ndinakhalako pa galaja ina pa Dedza Boma, kutsuka zitsulo ndi kupatsira amakaniko masipanala. Ndiye mlamu wanga atamva kuti a Kachigamba akufuna munthu, anakandinenerera kuti ndine dalaivala, ndinenso makaniko. Anathira mchere wambiri mlamu wangayo, koma njala inanditseka pakamwa, sindinatsutse.

A Kachigamba anali ndi lole imodzi yokalamba, yabuluu, yotuta kachewere m'midzi ya kumapiri kukatula ku Lilongwe. Matenda ake aliyense ankawadziwa. Hendibuleki sinkagwira, moti poima paliponse wina ankatsika n'kuika mwala kutayala. Paipi yokokera mpweya wa injini, ija imakwera kuseri kwa kabini, chipewa chake chinagwa kalekale, ndiye tinkaiveka chigubu chodula kuti mvula isalowe. Koma zimenezo abwana sankazidandaula. Chimene chinkawapweteka mtima n'chitunda. Tikadzaza matumba, loleyo inkakwera pa giya wani ikubuula, ana a sukulu n'kumayenda pambali pathu akutipatsa moni.

Tsiku lina anabwera kuchokera kumalire ndi kajumbo kakuda, n'kukatula pa mpando wanga.

"Filipo, injini iyi ili ndi njala," anatero. "Awa ndi manozo a lole yaikulu, ndawapeza kutsidyaku. Mawa uwaikemo."

Nozo ndi kachitsulo kokhala kunsonga kwa injekita, kotalika ngati chala, kokhala ndi timabowo tosaoneka bwino ndi maso. Ntchito yake n'kupopera dizilo mu injini kuti atuluke ngati nkhungu. Mabowo akakula, dizilo amalowa wambiri, mphamvu n'kukwera. Mpaka pamenepo ndinkadziwa. Ndinkadziwanso kuti pa galaja paja manozo sankangowaika, ankayamba awatumiza ku Lilongwe kwa anthu okhala ndi makina oyezera. Ndinawauza abwana zimenezi.

"Makina a chiyani? Maso ulibe?" anandiyankha choncho, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'mawa mwake tinapendeketsa kabini kuseri kwa golosale yawo. Ndinatsuka pamwamba pa injini ndi palafini kuti mchenga usagweremo, ndinamasula mapaipi a dizilo ndi sipanala ya seventini, n'kuzula mainjekita limodzi limodzi. Lililonse ndinkalimanga pa vayisi yopanira zitsulo, kumasula kapu yakunsonga, kuchotsa nozo yakale n'kulowetsa ya m'jumbo muja. Mawashala a kopa atsopano tinalibe, ndiye akale omwewo ndinawawotcha pa mbaula mpaka kufiira kuti afewe. Nditabwezera zonse ndinasiya mapaipi osamanga kwenikweni, abwana n'kumapukusa injini ndi sitata mpaka dizilo analavula mpweya wonse, kenako ndinamanga. Inalira. Utsi wakuda bii unadzaza bwalo, nkhuku zinabalalika, ndipo a Kachigamba anavina.

Kunena zoona, mphamvu zinabwera. Chitunda chomwe tinkakwera pa giya wani tinayamba kukwera pa thuu, matumba ali tho. Madalaivala anzanga anandipatsa dzina loti Chiutsi, ine n'kumanyadira. Ndipo panachitika chinthu china chimene chinatisangalatsa kuposa zonse. Lole ija kale inkadya oyilo ngati ili ndi njoka zam'mimba, koma tsopano ndikasolola kachitsulo koyezera, oyilo sankatsika. Masiku akupita ndinaona kuti akukwera ndithu, wadutsa pamzere.

"Waona? Yachira!" anatero abwana. "Yayamba kupanga oyilo yokha."

Tinaseka tonse awiri. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kenako kunagwa maliro. Anamwalira a Yohane, mlimi wa kachewere amene tinkamunyamulira matumba, ndipo thupi linali kuchipatala pa Boma, mudzi wawo uli kuseri kwa Kabwazi. Kwathu kuno mwini galimoto sakana maliro. Ukakana lero, tsiku lako anthu adzakumbukira. Tinatsitsa matumba amene tinali titakweza kale, tinasesa kumbuyo, n'kumangirira masamba aawisi kutsogolo kwa lole.

Unali mwezi wa Juni, kukuzizira, nkhungu isanachoke m'mapiri ngakhale dzuwa linali litakwera. Bokosi tinaliika pakati. Mozungulira munadzaza anthu, amayi ochuluka, ena ndi ana kumsana, ena ndi mapoto okaphikira pa siwa. A Kachigamba anakwera kumbuyo komweko, chifukwa kutsogolo kunakhala amayi amasiye ndi amalume ake a malemu. Amene ankatsogolera nyimbo anali mayi Nasoko, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, ndipo anaima motsamira kabini, kuseri kwenikweni kwa mutu wanga.

Pa tala tinayenda bwino. Titalowa msewu wafumbi tinayamba kukwera chitunda chachitali, ndipo ndinkachidziwa: ukafika pamwamba, msewu umatsetsereka molunjika kukafika pa kamlatho kamatabwa, kopanda zotchinga m'mbali. Nditafika pamwambapo ndinachotsa phazi pa moto, monga mwa nthawi zonse.

Injini sinatsike. Inakwera.

Ndinaganiza kuti chopondera chakakamira, ndinachikoka ndi chala chakuphazi, chinabwerera bwinobwino. Injini inapitirirabe kukwera, kulira kwake kosakhala kwa lole ayi, kwa chigayo chimene lamba wake waduka. Ndinazimitsa kiyi. Abale inu, ndinazula kiyi n'kumugwira m'manja, ndikumuona ndi maso angawa, injini ikulirabe! Lole inayamba kuthamangira kumlatho. M'mutu munangobwera funso limodzi: tanyamuka ndi maliro amodzi, tikafika ndi angati?

Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, ndikuyesa kuzimitsa injini ili m'giya, koma kilatchi yokalamba ija inangoterera n'kuyamba kununkha. Ndinachotsa giya. Lole inakwekwereza matayala n'kuima chopendekera kutsetse, bokosi kumbuyo n'kugunda kabini kuti gu! Nyimbo inaduka, kunabuka mfuu. Tsopano injini, popanda katundu woigwira, inakuwa koposa. Utsi woyera unatiphimba moti mlatho sindinkauonanso. Mpando umene anakhalira amayi amasiye unkanjenjemera, pakuti injini ili pansi pake penipeni, ndipo ndinkadziwa kuti ikaphulika zitsulo zitulukira pomwepo.

Kutsika sindikanatha. Hendibuleki kulibe, woika mwala kulibe. Phazi langa lokha ndilo linagwira anthu onsewo.

Ndinayang'ana amalume aja kuti mwina andithandiza. Iwo anali atatembenukira kumbuyo, chipewa chili m'manja, akulankhula ndi bokosi kudzera pagalasi.

"Yohane, usatero mphwanga. Tikupita kwanu. Ngati pali chimene takulakwira, ukanenere kumudzi."

Pa galasi lam'mbali ndinaona munthu akudumpha n'kugubuduka m'ngalande. Anali a Kachigamba. Amuna ena anawatsatira, koma amayi a ana kumsana akanadumpha bwanji?

Mpamene ndinakumbukira mawu a makaniko wina wachikulire pa galaja paja, amene ankati injini ya dizilo ikapenga siimva kiyi, umaitseka mphuno. Ndinatulutsa mutu pawindo n'kukuwa mpaka kummero kunawawa.

"Amayi! Mayi Nasoko! Paipi iyo ili pambali panuyo! Chotsani chigubu, tsekani pakamwa pake!"

"Nditseke ndi chiyani?"

"Chilichonse cholimba! Dzanja ayi! Nsalu ayi, imeza!"

Sindinkawaona. Ndinangomva chigubu chikugwera pa denga la kabini, kenako mapoto akugundana, mwana akulira. Mwendo wanga unali utafa dzanzi, ndipo ndinamva lole ikusuntha pang'ono, pang'ononso. Ndinagwira bondo ndi manja onse awiri n'kulikanikiza pansi. Ndinapemphera pemphero lopanda mutu, ndikungoti Ambuye, Ambuye, ana awa.

Kenako phaa! Kulira kuja kunasintha, kunakhala ngati kwa ng'ombe imene yagwidwa pakhosi. Injini inatsamwa, inagwedeza lole yonse, inayesanso, n'kuzima.

Kunangoti zii. Mayi Nasoko anali atavundukula poto wa nyemba n'kumenyetsa chivindikiro pakamwa pa paipi ija, n'kuchigonera ndi chifuwa. Mmene injini inkakokera mpweya, chivindikirocho chinalowa m'kati n'kukhala ngati mbale.

Amuna anabwera ndi miyala n'kutsekera matayala onse. Anandiuza kuti basi, chotsa phazi, koma phazi linakana. Anachita kulinyamula amalume aja ndi manja awo. Nditatsika ndinakhala pansi m'fumbi n'kulira ngati mwana, anthu onse akuona, ndipo manyazi ndinalibe.

A Kachigamba anatuluka m'ngalande akudzisasa, n'kuyamba kuuza anthu kuti malemu akana galimoto. Pamenepo mantha anga anasanduka ukali. Ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo kaja. Oyilo anali madzimadzi, akuyoyoka ngati tiyi, ndipo nditanunkhiza linali fungo la dizilo lokhalokha. Ndinakafikitsa pamphuno pawo.

"Bwana, oyilo wanu wopanga yekha uja ndi uyu. Malemu muwasiye agone."

Amalume aja ananunkhizanso, n'kupukusa mutu.

"Kaya n'chitsulo, kaya ndi iyeyu," anatero, "pamapewa sakana."

Anadula mitengo iwiri, ndipo bokosi linatsika chitunda chija pamapewa, n'kuwoloka kamlatho kaja amayi akuimba. Inenso ndinanyamulako.

Pambuyo pake makaniko wa ku Lilongwe anandifotokozera bwino. Manozo aja sankapopera, ankadontha. Dizilo wosapsa ankatsikira pansi n'kusakanikirana ndi oyilo, mpaka anadzaza. Pa chitunda paja injini inayamba kukoka msuzi umenewo n'kumauwotcha, ndiye kiyi akanaletsa chiyani? Lole ija sinayendenso mpaka anaimasula yonse, ndipo ine kwa a Kachigamba sindinabwererekonso.

Lero ndikuyendetsa lole ya anthu ena. Nozo yosayezedwa pa makina siilowa mu injini yanga, anene ndani. M'mawa uliwonse ndimasolola kachitsulo koyezera oyilo, kuyang'ana, kenako kununkhiza, ndipo anyamata a pa depoti amandiseka kuti ndimafwenkha oyilo ngati fodya. Asekeni. Oyilo wotsika ndi wabwinobwino, woopsa ndi wokwera.

Chivindikiro chija ndinakawapempha mayi Nasoko. Anati nditenge, poto wake sichimukwananso. Chimakhala pansi pa mpando wanga mpaka pano. Ndikachigwira ndimakumbukira manda a tsiku lija, mmene ndinaimira kumbuyo kwa anthu, nyimbo sindikuimva, ulaliki sindikuumva, maso ali pa dzenje basi. Adzukulu anali atakumba limodzi, ndipo linakwanira.