Matayala a Miphakati Inayi

Bambo okonza magalimoto aja a pansi pa mtengo wa mango ku Milepa sathamangira sipanala. Galimoto ikabwera amayamba aizungulira, manja ali kumbuyo. Kenako amauza dalaivala kuti akhote pang'onopang'ono pabwalo louma, iwo atatchera khutu. Mawu awo sasintha: "Musanaitukwane, yambani mwaona zomwe yavala kumapazi."

Mvula itayamba, a Sungani anabwera ndi galimoto yakale ya tchalitchi, yomwe imanyamulanso odwala ndi amayi oyembekezera. Akaika giya yokoka ndi matayala onse anayi, chiwongolero chinkauma pokhota, galimoto n'kumadumphadumpha ngati mbuzi yokana chingwe.

"Bambo, giyabokosi yatha," anadandaula a Sungani. "Odwala tiziwanyamula panjinga basi."

Mkuluyo anakweza tayala lakutsogolo ndi jeke. Litangosiya nthaka, linazungulira lokha ngati lamasulidwa. Anatenga chingwe n'kuyeza tayala lililonse, ndipo sanapeze awiri ofanana.

"Anagula ndani awa?"

"Mphakati uliwonse wa tchalitchi chathu unapereka limodzi."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Kupereka munapereka limodzi, koma kumsika aliyense anapita yekha. Lalikulu likuyenda, laling'ono likuthamanga, ndiye zitsulo zikulimbana m'katimu. Giyabokosi ilibe mlandu."

Lamulungu lotsatira mkuluyo, amene m'tchalitchi amangolowamo pa maliro, anaima pakhomo ndi zingwe zinayi zodulidwa mofanana. Mphakati uliwonse anaupatsa chake.

"Mukapita ku Limbe mukabwere ndi tayala lokwana chingwechi," anatero. "Mitima yanu ndaiyeza kale, ndi yofanana."